Beaulieu uja tamupeza, anali Hudon

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene agogo a agogo a amuna anga, a Beaulieu, amene anachoka ku Québec, ku Canada, kukagwira ntchito m'fakitale ya nsalu ku Maine, ku America, sankapezeka m'mabuku a ubatizo a kwawo. Zikomo nonse amene munandiuza kuti ndiyang'ane mawu akuti "dit". Munanena zoona.

Mawuwa ndi achifalansa ndipo amatanthauza "wotchedwa". Banja linkakhala ndi maina awiri, ndipo wansembe ankalemba lililonse limene wamva tsikulo. Athu ndi a Hudon dit Beaulieu, mbumba ya Pierre Hudon amene anakwatira Marie Gobeil mu 1676 n'kukakhazikika ku Rivière-Ouelle, ku Québec komweko. Ndinkafufuza pa B, chonsecho munthu ali phee pa H! Nditaona tsamba la m'buku limene analembedwa, inki itazilala, maina onse awiri ali pamzere umodzi, ndinaitana amuna anga usiku womwewo, misozi ili m'maso.

Maina ambiri otere anabwera ndi asilikali, monga a gulu la Carignan-Salières amene anafika ku Québec kuchokera ku France mu 1665. Msilikali ankapatsidwa dzina lina, monga Lafleur kapena Jolicoeur, ndipo linkamukanirira mpaka kwa zidzukulu.

China chimene chinanditayitsa nthawi n'chakuti anyamata ambiri ankabatizidwa Joseph, atsikana Marie, dzina loitanira n'kubwera pambuyo. Amene anandipulumutsa ndi amayi olembedwa m'mabukumo, chifukwa ansembe ankawalemba ndi dzina la bambo awo ngakhale atakwatiwa. Nkhokwe ya zolemba zakale za ubatizo ndi maukwati yotchedwa PRDH, ya Université de Montréal, inandithandiza kulumikiza maukwatiwo. Tsopano ndayamba mzere wa agogo aakazi.