Chiswe chatilowera m'nyumba nyengo yozizira ino, ndithandizeni nzeru

Abale anga, ndili ku Angónia kufupi ndi Ulongwe, ndipo ndabwera ndi vuto. Ine ndinkadziwa kuti chiswe chimavuta nthawi ya dzinja, inswa zikamatuluka mvula yoyamba itagwa. Chikhala bwanji chikundidyera nyumba mu Julayi muno, kuzizira konseku?

Dzulo ndikusuntha matumba a chimanga kuchipinda, ndinapeza timizere ta dothi tatakwera khoma kuchokera pansi mpaka kukafika ku phaso. Nditaswa kamodzi ndi chala, chiswe choyera chili piringupiringu mkatimo. Felemu la chitseko kunja likuoneka labwinobwino, koma ndikaligogoda likulira ngati ng'oma, mkati mwatha. Nyumbayi ndi ya njerwa zosawotcha, mitengo yakudenga ndi ya bulugamu, ndipo tinamanga movutikira ndi ndalama za mbatata.

Amalume akuti chiswe sichifa ndi chisanu, chimangotsikira pansi pofunda n'kumatsata chinyontho. Mwina n'zoona, chifukwa mbali yomwe chalowerayo ndi yomwe timatayira madzi otsukira mbale, komanso mapesi ndi nkhuni tinaunjika chogundiza khoma lomwelo. Zimenezo ndachotsa kale.

Tsono chulu chili kuseri kwa khola. Kodi ndikumbe mpaka ndipeze manthu wake, kapena ndingotaya mphamvu? Nanga oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka mitengo, amathandizadi? Mankhwala othira pansi ndikuwaopa chifukwa chitsime chathu chili pafupi ndipo muli ana aang'ono. Amene munalimbana nacho n'kupambana, munatani? Ndikufuna ndikonze mvula ya Novembala isanafike.