Kampani ngati Google itayamba kugulitsa ma SIM kuno ku Joni, data ingatsike mtengo?

Nangozo wa ku Rosettenville

Akuluakulu, ndithandizeni inu amene mumazitsata za manetiweki. Nkhani yoti tsiku lina makampani akuluakulu a pa intaneti, monga Google, Amazon kapena Meta, adzayamba kugulitsa ma SIM awoawo imangozungulira m'magulu a WhatsApp, kutha mwezi yabweranso. Ena akuti zikadzatero Vodacom ndi MTN adzagwada, data idzakhala yotola. Kodi kampani yotere ingafunike chiyani kuti iyambe kuno ku South Africa, popeza ndalama ndiye ali nazo zosayamba? Nanga ife ogula bandulo ya sabata pa spaza tingapindulepo chiyani chenicheni? Ndikufuna mayankho a anthu odziwa, osati za "ndamva kuti".

Mbewe wa ku Midrand

Achemwali, ndalama zokha sizitsegula khomo limeneli. Njira zilipo ziwiri: kumanga netiweki yako, kapena kuchita lendi pa ya wina.

Womanga yake amayamba ndi spectrum, mafunde a wailesi amene foni ndi nsanja zimalankhulirana. Amagawa ndi a ICASA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi kuno, ndipo sagawa chaka ndi chaka. Malonda aakulu anachitika mu Malichi 2022, makampani atadikira zaka zoposa 10, ndipo anatolera pafupifupi R14.4 biliyoni. Vodacom ndi MTN aliyense analipira kuposa R5 biliyoni, ndipo ziphasozo ndi za zaka 20. Mafundewo si ofanana. A 700 ndi 800 MHz amafika patali komanso amalowa m'nyumba, ndiye nsanja imodzi imakwana dera lalikulu. A 2.6 ndi 3.5 GHz amanyamula data yambiri koma amathera pafupi, ndipo makoma a konkire ngati a mafulati a ku Hillbrow amawafooketsa. Pamenepo pamafunika nsanja zothithikana. Wobwera lero apeza nyama yonona anagawana kale.

Tinene kuti mafunde wawapeza. Nsanja iliyonse ikufuna malo a lendi, kaya padenga la nyumba kaya pa nsanja ya makampani ngati American Tower ndi IHS. Ikufunanso chilolezo cha khonsolo, ma antenna ndi mawailesi ake, chingwe cha fibre kapena mbale ya microwave yoilumikiza ku likulu, magetsi, mabatire ndi mpanda wolimba. Kukumba msewu kuti uyale fibre muno mumzinda kumafuna chilolezo cha Johannesburg Roads Agency, ndipo sichituluka tsiku limodzi. Mabatire ndiye mutu waukulu. Magetsi akamazima kawiri katatu pa tsiku, batire silipeza nthawi yodzadza, ndiye nsanja imagona ngakhale palibe chaonongeka. Akuba nawo amaudziwa mtengo wa batire la lithium. Zonsezi muzichulukitse ndi nsanja masauzande. Vodacom, yomwe inamanga kalekale, imathirabe ndalama zoposa R10 biliyoni pa chaka pa netiweki yake ya kuno.

Taonani Cell C. Inayamba mu 2001, inalimbikira zaka zoposa 20, koma pofika Juni 2023 inazimitsa nsanja zake n'kuyamba kukwera pa za MTN ndi Vodacom. Ku Japan, Rakuten, kampani ya malonda a pa intaneti, inatsegula netiweki yakeyake mu Epulo 2020 ndipo inaluza ndalama zankhaninkhani zaka zotsatizana. Google itayamba kugulitsa ma SIM ake a Project Fi ku America mu 2015 sinadzale nsanja ngakhale imodzi, inachita lendi kwa T-Mobile ndi Sprint. Ikadzabwera kuno, ine ndikuona kuti idzabwera ngati walendi.

Che Jafali wa ku Mayfair

A Mbewe mwanena zoona, koma musatifooketse kwambiri. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku India, kampani ya mafoni ya Jio italowa mu Seputembala 2016 inapereka kuimba kwaulere ndi data yaulere kwa miyezi ingapo, makampani ena anatseka, ena anaphatikizana, mtengo wa data unagweratu pansi. Bwanji kuno zisatheke?

Mbewe wa ku Midrand

Che Jafali, Jio sinali mlendo wongofika ndi chikwama. Eni ake a Reliance anagula kampani ya Infotel mu 2010, yomwe inali ndi mafunde a 2300 MHz dziko lonse, n'kumanga zaka zisanu ndi chimodzi ndi ndalama za mafuta asanagulitse SIM. Ndipo msika wawo ndi wa anthu oposa biliyoni imodzi. Kuno kalembera wa 2022 anapeza anthu 62 miliyoni, ndipo ma SIM ndi ochuluka kale kuposa anthuwo. Kasitomala watsopano kulibe, aliyense uyenera kumulanda kwa mnzako.

Palinso lamulo. Chiphaso chachikulu cha ICASA chimafuna kuti 30% ya umwini ikhale m'manja mwa magulu omwe ankaponderezedwa kale. Starlink, kampani ya intaneti ya pa satelayiti, kumudzi inayamba mu 2023 ndi chiphaso cha MACRA, koma kuno yakhala ikukanika kulowa pa nkhani yomweyi. Ndipo mukakumbuka bwino, kutsika koonekera kwa data kuno sikunabwere ndi mlendo: Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, inatulutsa lipoti lake la mitengo ya data mu Disembala 2019, ndipo mu Epulo 2020 Vodacom inatsitsa 1GB ya pamwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99.

Nachisale wa ku Randburg

Ndifotokozeko za lendiyo, chifukwa yankho la aNangozo lagona pamenepo. Kampani yogulitsa ma SIM koma yopanda nsanja imatchedwa MVNO, ndipo kuno zilipo kale zambirimbiri: FNB Connect kuyambira 2015, Capitec Connect kuyambira 2022, K'nect ya Shoprite, ya Pick n Pay, Melon Mobile. Imaoda ma gigabyte ndi mamineti kwa mwini netiweki n'kumagulitsa pang'onopang'ono, ngati mayi wooda matumba a anyezi ku City Deep. Mtengo woodera ndiwo malire. Ukagulitsa motsika kuposa pamenepo, gigabyte iliyonse ukuonjezera za m'thumba mwako, ndipo wokuodetsayo ndi yemweyo ukulimbirana naye makasitomala. Sangakupatse mtengo woti umuphere msika.

Alendi alipo a mitundu iwiri. Wamng'ono amangoika dzina lake pa SIM. Kaundula wa manambala, makina owerengera ndalama ndi khomo lotulukira pa intaneti zonse ndi za mwini, kapena za kampani yapakati ngati MVN-X. Atha kuyamba m'miyezi yochepa koma palibe chachikulu angasinthe. Wamkulu amakhala ndi core yakeyake, makompyuta amene amazindikira SIM iliyonse, kuilola kulowa ndi kuwerengera zomwe yadya, ndipo kwa mwini amangobwereka nsanja. Ameneyu atha kusamuka kwa landilodi uyu kupita kwa uyo osasinthitsa anthu ma SIM, ndipo mphamvu yake yonenerera mtengo imachokera pamenepo. Kampani ya makompyuta ingasankhe njira imeneyi, popeza makina ili nawo kale pafupi. Microsoft inatsegula ma data centre, nyumba zosungiramo makompyuta akuluakulu, muno mu Johannesburg mu 2019, Google inatsegula ake mu 2024, ndipo chingwe chake cha pansi pa nyanja, Equiano, chinafika ku Melkbosstrand mu 2022. Komatu chodula pa gigabyte yanu si ulendo wa pansi pa nyanjawo. Chodula ndi kamtunda komaliza, kochokera pa nsanja kufika pa foni ili m'manja mwanu, ndipo kameneko ndi ka eni nsanja.

Nanga mabanki ndi masitolo amadyerapo chiyani? Sadalira phindu la data. SIM ndi nyambo yoti musachoke ku banki yawo, muzigula m'sitolo mwawo. Amene ankadalira mayunitsi okha zinawavuta: Virgin Mobile, yomwe inali yoyamba kuno mu 2006, inatseka mu 2021, ndipo Lycamobile, yomwe inkasaka anthu oimba kunja ngati ifeyo, inatseka kumapeto kwa 2023. Kampani ya pa intaneti nayo ingadzaike nyambo yake, mwina kuonera makanema ake kapena kusunga zithunzi osadya bandulo. Kumudzi zoterezi zinachitikapo ndi Free Basics ya Facebook mu 2015 pa TNM ndi Airtel: masamba ochepa aulere, koma ukafuna kutuluka mumpandamo, gula bandulo. Ndiye musayembekezere data yotola. Chomwe chingasinthe ndi malamulo a bandulo, monga data yosatha nthawi imene Capitec inabwera nayo, ndipo kwa wogula pang'onopang'ono chimenecho si chaching'ono.

Nangozo wa ku Rosettenville

Zikomo mayi, apa zayamba kumveka. Nanga kuimba kumudzi? Makolo ambiri akadali ndi timafoni ta mabatani, WhatsApp kulibe. Ndipo ife a mapasipoti, kulembetsa SIM ya kampani yopanda shopu kungayende bwanji?

Kamanga wa ku Kempton Park

Pa kuimba kumudzi musayembekezere zozizwitsa, achemwali. Mukaimba +265, foniyo imadutsa kwa makampani onyamula mafoni a pakati pa mayiko, kenako TNM kapena Airtel amalipiritsa ndalama yolandirira pa mineti iliyonse, ndipo malonda amenewa amayendera madola. ICASA ilibe mphamvu pa ndalama imeneyo, ndipo kampani iliyonse, ikule bwanji, iyenera kuilipira. Mukaona wina akugulitsa mamineti a ku Malawi motchipa modabwitsa, kawirikawiri akudutsitsa pa SIM box: mawu amayenda pa intaneti mpaka pa bokosi lodzadza ma SIM a kumudzi, lomwe limaimba ngati foni ya komweko. Mudzazindikira chifukwa wolandira amaona nambala yachilendo ya 088 kapena 099 m'malo mwa yanu, mawu amachedwa, foni imadukaduka. Ngati pakhomopo pali foni ya WhatsApp, ngakhale ya mdzukulu, kuigulira bandulo n'kotchipa kwambiri. Kuimba kwa mawu okha sikudya 1MB pa mineti.

Za kulembetsa, lamulo la RICA silisankha kampani. Pafunika pasipoti kapena chikalata cha wothawa kwawo, ndi umboni wa komwe mukukhala. Wokhala m'mikuku, komwe kulibe adiresi, amaloledwa kupereka ya tchalitchi, sukulu kapena sitolo komwe amalandirira makalata. Vuto la kampani yopanda shopu ndi loti zonse zimachitikira pa app, ndipo ma app otere kawirikawiri amafananitsa nkhope yanu ndi kaundula wa Home Affairs wa eni dziko. Pasipoti ya Malawi ikakanidwa, palibe munthu wa pakauntala woti mumulongosolere. Kulipira nakonso: ngati ikufuna khadi ya banki yokha ndipo mavawucha ake sapezeka pa makina a Flash kapena Kazang a pa spaza, wolandira malipiro pamanja watsala panja. SIM zogula zolembetsa kale m'misewu zipeweni. Ikatayika simungaibwezeretse, chifukwa dzina lili m'kaundula si lanu.

Kusamutsa nambala kukuloledwa kuno kuyambira 2006. Mumagula SIM yatsopano, kuilembetsa, kupempha kusamukako kudzera ku kampani yatsopanoyo, kutsimikiza uthenga umene wabwera pa SIM yakale, ndipo kusinthako kumachitika usiku. Mayunitsi ndi data zotsala pa yakale zimapsa, ndiye yambani mwazimaliza. Musasamuke tsiku lotumiza ndalama kumudzi: mabanki ena amayamba aimitsa mauthenga a OTP, nambala zachinsinsi zotsimikizira kuti ndinu, akaona kuti SIM yasintha.

Gondwe wa ku Fordsburg

Ndionjezere za foni yeniyeniyo, poti ambiri amagwa pamenepa. Kampani ya pa intaneti ingakonde eSIM, SIM yokhala m'kati mwa foni yomwe mumaitsegula pojambula QR, chifukwa sifuna pulasitiki, galimoto yogawa, kapena shopu. Dinani *#06#. Pakatuluka nambala ya EID pansi pa IMEI, foni yanu imalola eSIM, pakapanda, iwalani. Mafoni ambiri otchipa alibe. Dziwaninso kuti QR ya eSIM kawirikawiri imagwira kamodzi. Mukaifufuta, kapena sikirini ikasweka, simungangoitulutsa n'kuika mu foni ya mnzanu ngati ya pulasitiki, muyenera kupempha ina.

Chachiwiri ndi VoLTE, njira yoimbira foni kudzera pa 4G. Netiweki yopanda 2G ndi 3G, ngati ya Rain, imadutsitsa mawu pa 4G. Foni ikapanda kugwirizana nayo, intaneti imagwira bwinobwino koma kuimba kumakana, ndipo munthu amaganiza kuti SIM ndi yakufa. Kafoni ka mabatani ka 2G ndiye sikaiona n'komwe. Mafoni obwera kuchokera ku America kapena ku China nthawi zina alibe band 20 ndi band 28, omwe ndi 800 ndi 700 MHz aja anatchula a Mbewe. Panja imagwira, mukalowa m'chipinda chakumbuyo mizere yatha. Data ikakana pa SIM yatsopano, yambani mwaona APN, dzina la khomo la intaneti lomwe lili m'ma settings a foni, musanathamangire kwa okonza, chifukwa foni imatha kutenga ya mwini nsanja m'malo mwa ya walendiyo.

Ndipo musanasamutse nambala imene amakudziwani nayo abwana, a banki ndi a Mukuru, funsani kuti kampaniyo yakwera pa nsanja za ndani. Ngati ndi za MTN ndipo MTN sigwira m'chipinda mwanu, dzina latsopano pa sikirini silisintha kanthu. Ikani SIM yatsopanoyo m'malo achiwiri a foni, gulani bandulo yaing'ono, muiyese sabata imodzi: m'chipinda chogona, mu takisi popita kuntchito, komanso pakati pa 7 ndi 9 koloko madzulo, nthawi imene nsanja imadzadza.