Majekete oyera a tiasilikali tanga akuoneka ngati ndapaka choko, thandizeni

Kadziwotche_Notts:
Abale muli bwanji nonse. Ine ndili ku Nottingham kuno, chaka chatha anzanga akuntchito anandikokera ku masewera a tizidole ta patebulo aja, iwowo amakonda Warhammer koma ine mtima unapita ku nkhondo za nthawi ya Napoleon. Ndiye ndinagula bokosi la asilikali a Austria a Perry Miniatures, a pulasitiki a 28mm aja, osadziwa kuti ndaputa mavu kkkk. Anthu amenewatu jekete loyera, buluku loyera, malamba oyeranso. Ndinawapopera primer (penti yoyambira yoyala pansi ija) wakuda kenako n'kupaka penti yoyera ya White Scar pamwamba, kanayi konse, koma kuda kukuonekerabe pansi ndipo penti yaunjikana moti mabatani a jekete anakwiririka. Nditaona choncho ndinathira Nuln Oil, penti yakuda yamadzimadzi ija, thupi lonse kuti mwina makwinya aoneke, eee ndiye ndinaonjeza. Mayi akunyumba atawaona anandifunsa ngati ndi anthu ootcha makala. Ndaononga 6 kale, otsalawo ndikuopa kuwagwira. Ndikulakwitsa pati?

MdalaWaBurashi:
Achimwene pepani, tonse tinadutsa momwemo. Mwalakwitsa pachiyambi penipeni, nsalu yoyera sitipenta ndi penti yoyera. Mukayamba ndi White Scar ndiye kuti mulibenso kopita, poti palibe choyera kuposa pamenepo choti muwalitsire mapewa ndi m'mphepete. Tayang'anani shati yoyera ili pachingwe masana, koma muiyang'ane bwinobwino. Mbali yoyeradi mbee ndi yochepa, pamene pakumenya dzuwa pokha, kwina konseko ndi kotuwa ndipo m'makwinya mumachita kabuluu. Ndi maso athuwa amene amangoti shati yonse ndi yoyera.

Ine ndimatere. Primer wotuwa, osati wakuda. Kenako penti yotuwa ya Celestra Grey jekete lonse, ikauma Ulthuan Grey yotuwa moyererako koma kusiya m'makwinya ndi kukhwapa, ndiye White Scar ndimangoti pang'ono pamapewa, pachigongono ndi pamwamba pa makwinya basi. Mukamuika patali kamsilikaliko kamaoneka koyera kuposa kanu kopaka kanayi kaja.

Za chokozo, penti yoyera imapangidwa ndi titanium dioxide ndipo ikauma msanga paburashi imasiya timibulu, ukabwerezanso pamalo pasanaume ndiye umangokokolola yapansi ija. Thirani timadzi ikhale ngati mkaka, pakani kamodzi, kamweni tiyi, mubwerenso. Ndipo pangani wet palette, sizofuna ndalama, kakontena ka majarini, siponji yonyowa pansi, pamwamba pepala lophikira makeke lija. Kuno ku Johannesburg nthawi yozizira mpweya umakhala wouma kwambiri, popanda kakontenako penti imauma ndisanathe ngakhale mkono umodzi.

Anaphiri_Leeds:
Amdala anena zoona pa zoyambira ndi mtundu wina, koma pa kabuluuko ine sindikugwirizana nawo, makamaka kwa a Austria. Kotuwa kozizirako kamakhala bwino pa zovala za nkhondo zachitsulo kapena mikanjo ya afiti a mu Warhammer. Koma majekete a asilikali ajawa anali a ubweya wa nkhosa wosanyika mtundu, ankawayeretsa ndi dothi loyera lija amati pipe clay, ndiye munthu wayenda wapansi masabata angapo, kugona panja, jekete lingakhale ngati la dokotala? Ayi ndithu. Kumbukirani bulauzi ya amayi a Mvano pochoka kunyumba m'mawa ndi pobwera kumaliro madzulo mwezi wa October, ikadali yoyera inde koma m'khosi ndi m'mikono yachita kachikasu, fumbi lalowa.

Ine ndimayamba ndi Wraithbone, yoyera ya kachikasu ija. Kenako Seraphim Sepia, penti yabulauni yamadzimadzi, wosakaniza ndi Lahmian Medium (madzi osungunulira penti opanda mtundu), theka theka kapena medium yochulukirapo, ndipo sindisambitsa chidole chonse ngati munachitira inu achimwene, ndimangoyendetsa nsonga ya burashi m'makwinya, pansi pa malamba ndi mozungulira mabatani. Ikadikha penapake ndimaiyamwa ndi burashi youma isanaume, apo ayi imasiya mzere ngati wa tiyi pa nsalu ya patebulo. Pamwamba Vallejo Ivory, yoyera ngati mnyanga wa njovu. Choyera chenichenicho ndimasungira malamba okha, ndiye malamba amasiyana ndi jekete mosavuta, chifukwa vuto lalikulu la a Austria ndi lomwelo, zoyera zitatu pamunthu mmodzi. Buluku kumawondo ndi kumunsi ndimalidetsako dala ndi kabulauni.

Nuln Oil musamutaye, ngwa mfuti ndi nsapato.

Mlesi_Weniweni:
Kkkkk anthu ootcha makala, mayiwo apatseni moni. Aise zonse anena akuluakuluwa nzoona koma funso langa ndi lakuti ukufuna kupenta kapena ukufuna kusewera? Chifukwa gulu limodzi lokha asilikali 24 kaya kuposa, ndipo sugula bokosi limodzi n'kusiya, ndikukuuza. Ine chibwerereni penti za Contrast, zongopaka kamodzi zija, mu 2019 ndimapopera Grey Seer, kupaka Apothecary White, ikauma drybrush (kupukutira ndi burashi ya penti yochepa, pafupifupi youma) yoyera mopepuka, ndatha. Pafupi sizifika pa za Anaphiri ndikuvomera, koma patebulo munthu amaonera kutali ngati mita yathunthu, amaona mzere wa asilikali ndi mbendera, saona batani.

A 6 ajawo sanaonongeke. Aviike mu isopropyl alcohol kwa maola angapo kenako mswachi wakale, penti imachoka. Osayerekeza acetone kapena ya kuchotsera penti ya m'zikhadabo ija, imadya pulasitiki, ine ndinasungunula kavalo wathunthu. Komanso kwanuko kukuzizira pano, chitini cha sipuleyi uyambe wachiika m'madzi ofunda pang'ono, osati otentha, n'kuchikhutchumula mphindi ziwiri, ukapopera chozizira primer amatuluka ngati mchenga ndipo choko chimayambira pomwepo.

MdalaWaBurashi:
Anaphiri pa za ubweyazo mwandigonjetsa. Koma mathalauza a nsalu yopyapyala ine ndizipitirizabe ndi kotuwa kanga, ndakalamba nako.

Kadziwotche_Notts:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa atatu usiku wathawu, mmodzi njira ya Amdala, wina ya Anaphiri, wina ya aulesiyo, n'kuwaimika pawindo m'mawa uno. Wa Anaphiri ndi amene akuoneka ngati wavala nsalu yeniyeni, kungoti wanditengera pafupifupi ola lathunthu ndipo sepia ndinachulutsa kumsana, wachita ngati watuluka thukuta. Ndaganiza kuti ofesala ndi woimba ng'oma ndiziwapatsa ulemu umenewo, enawo adya Apothecary White basi. A makala aja ali m'botolo akuviikidwa. Anaphiri, malambawo mumapenta musanathire sepia kapena pambuyo? Anga akumangodetsedwa m'mphepete.