Milombwa 36 m'nkhalango ya mudzi: tidulepo ingati?

Mlembi wa komiti ya zachilengedwe, Ntcheu:
Akuluakulu, tithandizeni masamu. Nkhalango ya mudzi ndi ya mahekitala 20, kufupi ndi nkhalango ya boma ya Dzonzi-Mvai. Tawerenga milombwa yonse poyenda mizeremizere, uliwonse tikuulemba nambala ndi penti. Yoposa masentimita 40 m'mimba ilipo 36, ya pakati pa 20 ndi 40 ilipo 14. Ing'onoing'ono ndi yosawerengeka, koma chilimwe chikafika imauma. Mudzi ukufuna matabwa a zitseko ndi madesiki, ndipo ena akuti tidule yonse 36 poti ana ake ndi ambiri.

Mlangizi wa nkhalango, Dedza:
Mayi, ndifunse kaye kuti munayezera pati? Tepi izungulire thunthu pa mita 1.3 kuchokera pansi, ndipo pamtsetse muime mbali ya kumtunda. Zimene mwapezazo gawani ndi 3.14. Mtengo wa masentimita 40 m'mimba umapereka 126 pozungulira. Mukayezera m'tsinde momwe mtengo umatambasuka, wa 33 umaoneka ngati wa 40.

Mlembi wa komiti ya zachilengedwe, Ntcheu:
Pachifuwa, ndi ndodo yodulidwa pa 1.3.

Mlangizi wa nkhalango, Dedza:
Ndiye nambala yofunika si 36 ayi, ndi 14. Imeneyo ndiyo idzalowe m'malo mwa yomwe mudule. Mlombwa sunenepa kufika theka la sentimita pachaka. Tiyerekeze mamilimita 4: wa masentimita 20 ukufunika zaka 50 kuti ufike pa 40, ndipo pa 14 ija ina idzapsa, ina idzabedwa. Mukagwetsa 36 lero, mudzi ukhala zaka makumi angapo ukungotola mtengo umodzi apa ndi apo.

Ine ndikadachita motere. Siyani 20 ya mbewu, umodzi pa hekitala, yotalikirana, chifukwa zipatso za mlombwa ngakhale zili ndi phiko siziuluka kupita kutali. Yotsala 16 muigawe pa zaka 40, kutanthauza inayi pa zaka 10 zilizonse. Ya m'mbali mwa mtsinje ndi pamtsetse wowopsa musaikhudze, iwerengereni m'gulu la mbewu.

Wocheka matabwa, Lizulu:
Inayi yokha bwana? Komiti ikaimva imeneyi kukhala phokoso. Komabe tiyeni tione matabwa ake. Chipika cha mamita 4, pakati pake masentimita 45, chili ndi makiyubiki mita 0.64. Ndi chainsaw mumapulumutsa mwina gawo limodzi mwa atatu, zina zonse ndi utuchi ndi zikungwa. Amenewo ndi matabwa 10 a inchi imodzi kwa mainchesi 8. Sowo ya pa dzenje imadya pang'ono, mutha kufika 13 kapena 14 ocheka akakhala odziwa kutsata chingwe. Mitengo inayi ndiye matabwa 40 mpaka 56. Zitseko zikwana, madesiki iwalani. Madesiki gulani paini, ku Dedza sasowa.

Musanasankhe, gogodani thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Ukamveka ngati ng'oma uli ndi mphako, moto unaulowa kalekale. Umenewo usiyeni ukhale wa mbewu ndi njuchi.

Mlangizi wa nkhalango, Dedza:
Wamphako usiyidwe, inde. Koma achimwene, musatitengere yowongoka yonse n'kutisiyira yokhota ndi yodwala kuti ndiyo ibereke. Pa 20 ija, theka ikhale yowongoka, ya nthambi zodzaza. Yopakidwa penti ya mbewu ikhale ndi mtundu wakewake, wocheka asanamizire kusokoneza.

Wosamala nazale, Ntcheu:
Za ana ouma aja. Sakufa amenewo. Mlombwa ukamera umatha zaka zingapo, nthawi zina kufika 10, ukuuma kumtunda chilimwe chilichonse kwinaku muzu ukunenepa pansi. Muzu ukakwana ndi pomwe umaponya mphukira imodzi yolimba n'kukhala mtengo. Fukulani pang'ono pambali pa umodzi, mupeza muzu wonenepa kuposa kamtengo kake.

Chimene chikuwalepheretsa kuchoka pamenepo ndi moto wa mu Okutobala ndi mbuzi. Kuchepa kwa mitengo yapakati kukusonyeza kuti zimenezi zachitika zaka zambiri. Tenthani msanga, Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, mutalambula njira yotchinga moto m'malire. Kuletseratu moto nakonso sikuthandiza: udzu umaunjikana, tsiku lomwe osaka mbewa ayatsa zonse zimapsa mpaka kunsonga. Chinanso, mlombwa umafuna dzuwa. Pomwe pali ana ambiri pansi pa mitengo ya tsamba kapena ya mchenga yothithikana, chotsanipo mitengo ingapo ya nkhuni kuti kuwala kulowe.

Wocheka matabwa, Lizulu:
Pogwetsa yang'anani kaye komwe kuli 14 ija, mtengo ugwere kwina. Kamwa, kutanthauza mpata wosema pathunthu, lidulidwe mbali yogwera, lakuya gawo limodzi mwa anayi a thunthu, kenako mudule kumbuyo pamwamba pang'ono, kusiya kachigawo kosadula kowongolera. Mukadula kumbuyo kokha thunthu limang'ambika ndipo mita yabwino kwambiri yapita. Chitsa chikhale chachifupi. Chekerani pomwepo, matabwa atuluke pamutu. Kukoka chipika ndi ng'ombe kumapalasa ana aja ndi kutsegula ngalande ya madzi. Ndipo wa masentimita 30 musauyese, mbali yoyera yakunja imachuluka ndipo imafumbwa. Wogula amafuna wofiira wam'kati.

Mlembi wa komiti ya zachilengedwe, Ntcheu:
Zamveka. Nanga chilolezo, poti nkhalango ndi yathu?

Mlangizi wa nkhalango, Dedza:
Ndi yanu, koma mlombwa ndi mtengo wotetezedwa, ngati mbawa. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe zilango zake anazikhwimitsa mu 2020, limafuna chilolezo. Pitani ku ofesi ya nkhalango ya boma la Ntcheu ndi kaundula wa mitengo ija, nambala za inayi mwasankhayo, ndi dongosolo la kasamalidwe losainidwa ndi amfumu. Matabwa akamatuluka m'mudzi afunikanso kalata yonyamulira, apo ayi akathera pa rodibuloko. Yezaninso 14 ija pakatha zaka zisanu, pamalo omwewo a penti, muone ngati mamilimita 4 aja akugwirizana ndi nthaka yanu.