Matimu 14, mabwalo a sukulu, wothandiza palibe: ligi ya kumudzi tiyiyambe bwanji?

Wa_ku_Kapiri

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kuno ku Mchinji, m'midzi yoyandikana muli matimu 14 a anyamata, koma amangosewera mpira wobetcherana kapena kudikira bonanza ya andale ikayandikira kampeni. Komiti ya achinyamata yagwirizana zoyambitsa ligi yeniyeni, komanso kuphunzitsa mpira ana a zaka 8 mpaka 14, anyamata ndi atsikana omwe. Mabwalo ambiri ndi a sukulu za pulayimale, ndipo wotithandiza ndi ndalama palibe. Ndandanda wa masewero tiukonze bwanji? Malamulo oti asasowe ndi ati? Nanga za anazi tiyambire pati?

Mlembi_Wakale

Achimwene, yambani ndi masamu. Matimu 14 akasewera onse pamodzi, kwawo ndi koyenda, ndi masewero 182, masabata 26. Nyengo yabwino ya mpira kumudzi imayamba anthu akamaliza kukolola mu Meyi ndipo imatha mvula ikamayandikira, anthu akamathamangira kumunda kumapeto kwa Okutobala. Masabata 26 amadzaza nthawi yonseyo osasiya mpata, pomwe mukudziwa kuti maliro, chinamwali, ukwati ndi misonkhano ya mfumu zidzakulandani Loweruka lambiri. Ligi zambiri za m'midzi zimafera pamenepa: masewero otsalira amachuluka, mvula imagwa, chikho chimaperekedwa patebulo, ndipo chaka chamawa matimu amakana kulowanso.

Gawani matimuwo m'magulu awiri a matimu 7, motsatira kuyandikana kwa midzi kuti osewera azitha kuyenda wapansi kapena pa njinga. Gulu lililonse likhala ndi masewero 42 m'masabata 14, timu imodzi ikupuma sabata iliyonse. Awiri apamwamba a gulu lililonse akumane mu semifainolo, kenako fainolo. Zonse ndi masabata 16. Mukayamba pakati pa Meyi mumaliza mu Seputembala, mpata wa zogwa mwadzidzidzi ukadalipo.

Kakonzedwe ka ndandanda n'kosavuta. Matimu achite maere a manambala 1 mpaka 7, ndipo nambala 8 ikhale yopuma. Sabata yoyamba: 1 ndi 8, 2 ndi 7, 3 ndi 6, 4 ndi 5. Nambala 8 isasunthe, zinazo muzizizunguliza malo amodzi sabata iliyonse mpaka masabata 7 atakwana. Ndime yachiwiri mungotembenuza, amene anali kwawo apite koyenda. Maerewo achitike pamaso pa atsogoleri a matimu onse, apo ayi mudzamva zoti mlembi anakondera timu ya kwawo.

Malamulo akhale a masamba awiri basi, m'Chichewa, ndipo wapampando ndi kaputeni wa timu iliyonse asaine mpira usanayambe. Izi zisasowe: wopambana mapointi 3, kufanana mphamvu 1, matimu akafanana mapointi muyang'ana kusiyana kwa zigoli, kenako zigoli zomwetsa, kenako zotsatira za pamene iwowo anakumana, timu ikachedwa mphindi 30 kapena ikabwera ndi osewera osakwana 7 yagonja 3-0, ikajomba kawiri yachotsedwa, wolandira kadi yofiira sasewera mpira wotsatira, dandaulo lilembedwe pasanathe maola 48 ndipo liperekedwe ndi kandalama komwe kamabwezedwa dandaulo likamveka. Kandalamako kamachepetsa madandaulo a mkwiyo.

Za maliro lembani momveka bwino. Maliro oimitsa mpira ndi a m'mudzi momwe muli bwalo, kapena a wosewera kaya wachibale wake weniweni, ndipo mpirawo useweredwe Lachitatu lotsatira. Mukasiya poyera, timu iliyonse yomwe wosewera wake wodalirika wavulala idzapeza maliro.

Kaonaneni ndi a gulupu ndi aphunzitsi aakulu a sukulu zomwe zili ndi mabwalo musanalengeze chilichonse, ndipo chilolezo cha bwalo chikhale cholemba. Kenako dziwitsani ofesi ya zamasewero ku khonsolo ya boma ndi komiti ya mpira ya boma lanu, yomwe imalumikizana ndi Central Region Football Association. Kumeneko ndi komwe mungamve za maphunziro a oyimbira ndi makochi amene FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, imachititsa.

Wenzulo_Mkamwa

A Mlembi anena zoona, koma ndewu zambiri sizichokera pa ndandanda. Zimachokera pa oyimbira ndi pa bwalo.

Ndi magulu awiriwo muli ndi masewero 6 pa sabata. Gulu lina likamasewera Loweruka, lina Lamulungu masana, oyimbira atatu akukwana, koma phunzitsani asanu kapena asanu ndi mmodzi chifukwa ena amadwala kapena kuchoka. Oyimbira asaimbire timu ya m'mudzi mwake kapena komwe anakwatira, ndipo malipiro ake achokere ku komiti ya ligi. Timu ya pakhomo ikamamulipira m'manja mpira usanayambe, alendo amayamba kale kukayikira penate iliyonse. Othandizira m'mbali atengedwe mmodzi ku timu iliyonse, koma ntchito yawo ikhale yongoonetsa kuti mpira watuluka. Ofusaidi asiyireni wapakati yekha.

Mpira uyambe 2:30 kapena 3 koloko. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo chigoli cholowa kuli chisisira ndiye gwero la mkangano.

Bwalo: malamulo amalola mamita 90 mpaka 120 mulitali, 45 mpaka 90 mulifupi, choncho mabwalo ambiri a sukulu akukwana. Chomwe chimalakwika ndi makona opotoka. Tengani chingwe cha mamita 24, mumange mfundo pa mamita 6 ndi pa mamita 14, mulumikize nsonga zake. Anthu atatu akachikoka pa mfundozo ndi polumikizapo, mbali zake zimakhala 6, 8 ndi 10, ndipo kona ya pakati pa 6 ndi 8 imakhala yoongoka. Golo ndi mamita 7.32 pakati pa mitengo ndi 2.44 kuchokera pansi. Penate ili pa mamita 11, bokosi lalikulu 16.5 kuchokera pa mtengo uliwonse ndiponso kulowa m'bwalo, laling'ono 5.5, bwalo la pakati 9.15 kuchokera pakatikati.

Mitengo ya bulugama idulidwe yopitirira mamita 3 kuti masentimita 60 kapena 70 alowe pansi. Mbali yolowa pansiyo iwaulidwe pamoto kapena ipakidwe oilo wakutha, chifukwa chiswe chimaidya mkati kunja ikuoneka yabwino. Mtengo wapamwamba ukhale wouma, waung'ono kunenepa umagwa pakati ndipo goloyo imafupika. Mangani ndi mabauti kapena waya wolimba, osangotsamiritsa pa mphanda. Mtengo umenewu ukagwera mwana wolendewera ndi ngozi yaikulu.

Mizere musakumbe ndi khasu. Timingalande timeneto timathyola akakolo ndipo mvula ikabwera timasanduka ngalande zenizeni. Phulusa losefa likukwana, mumangothira m'mawa wa tsiku la mpira. Ndipo pamamita awiri kuchokera pa mzere mangani chingwe kapena jambulani mzere wina wa ochemerera. Timu ya pakhomo isankhe anthu anayi odziwika, makamaka a polisi ya m'mudzi, oti aziyang'anira. Lamulo likhale loti ochemerera akalowa m'bwalo kapena kumenya oyimbira, timu yawo yagonja ndipo masewero awiri otsatira a pakhomo ikasewerera kwina. Za kukhwima, kukwirira zinthu pagolo kapena kukana kulowera pachipata, musazitsutse pakamwa. Ingolembani kuti nthawi yoyambira siisuntha pa chifukwa chilichonse cha mtunduwo.

Mayi_Nachisale

Bambo a ku Kapiri, pa ndalama ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: musalengeze mphotho yomwe mulibe m'manja. Ndalama zolowera ligi zitoleredwe zonse mpira usanayambe, timu yosamaliza kulipira isalowe m'maere. Za "tidzamaliza tikagulitsa soya" zimathera m'ngongole.

Zikasonkhana, chotsani kaye malipiro a oyimbira a masewero onse 87, ndiye kuti 84 a m'magulu, semifainolo ziwiri ndi fainolo. Kenako mipira, mawenzulo, makadi, pampu ndi singano zake, kope la kaundula ndi zopangira chithandizo choyamba. Chotsalacho ndiye mphotho. Ambiri amayamba ndi mphotho, ndiye pofika sabata ya 9 oyimbira sakulipidwa ndipo asiya kubwera.

Ine sindigwirizana ndi mphotho yaikulu ya ndalama kwa timu imodzi. Ndi imene imabweretsa osewera aganyu ochokera ku boma ndi ziphuphu kwa oyimbira. Mbuzi, mipira kapena jezi kwa matimu anayi apamwamba zimasiya kanthu m'mudzi, ndipo kamphotho ka timu yosunga mwambo, yomwe ili ndi makadi ochepa, kamathandiza kuposa momwe anthu amaganizira.

Ndalama zisakhale mu Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi yomwe amagwiritsanso ntchito pa zake. Pakhale nambala ya ligi yokha, foni isungidwe ndi msungichuma, nambala yachinsinsi ndi wina, ndipo chilichonse chotuluka chisainidwe ndi anthu awiri. Mwezi uliwonse muwerenge malipoti pamaso pa matimu. Wandale akafuna kuthandiza landirani mipira, koma ligi isatchedwe dzina lake, chifukwa a chipani china adzatulutsa matimu awo ndipo chisankho chikadutsa thandizolo limatha.

Mipira ya pabwalo la fumbi ndi miyala gulani yosokedwa ndi manja, yomwe wosoka nsapato angathe kukonza. Yomata ija yosalala imasupuka msanga. Musaipope mpaka kuuma gwa, ndipo singano ya pampu muzinyowetsa musanailowetse, chifukwa mipira yambiri imafera pa valavu.

Kochi_wa_Ana

Za ana zikhale ndi komiti yakeyake, apo ayi mipira yawo idzathera kwa akuluakulu.

Agaweni pawiri kapena patatu: zaka 8 mpaka 10, 11 mpaka 12, 13 mpaka 14. Aang'onowo asasewere 11 kwa 11 pabwalo lonse. Mwana wa zaka 9 pabwalo lalikulu amatha mpira wonse atakhudza mpira kangapo kokha, ndipo wamtali wodziwa kubanda patali ndi amene amaoneka katswiri. Azaka 8 mpaka 10 asewere 5 kwa 5, apakatiwo 7 kwa 7 pabwalo la mamita pafupifupi 55 kwa 37, lomwe limakwana chopingasa pa theka la bwalo lalikulu. Mpira wa saizi 4 ndi woyenera, saizi 5 muyambe ndi a zaka 13 ndi 14. Magolo a nsungwi kapena timitengo tozika, mamita 4 kapena 5 mulifupi, akukwana.

Kusowa mipira si chifukwa chokhalira pamzere. Mwana aliyense abwere ndi chikulunga chake, chomangidwa bwino ndi majumbo ndi zingwe. Kuyendetsa mpira, kutembenuka ndi kupatsirana pafupi zonse zimatheka ndi chikulunga, mipira yogula muisungire masewero a kumapeto. M'malo mwa makoni, mabotolo apulasitiki othira mchenga.

Ola limodzi, kawiri pa sabata ana akaweruka. Mphindi 10 kuthamangitsana aliyense ndi mpira kuphazi. Mphindi 15 luso limodzi lokha, monga kulandira mpira ndi mkati mwa phazi n'kuupereka ndi phazi linalo. Mphindi 15 timasewero ta awiri kwa mmodzi kapena atatu kwa atatu pomwe lusolo likufunika. Mphindi 20 zomaliza asewere momasuka, kochi alankhule pang'ono. Cholakwika chofala ndi kuzungulitsa ana bwalo kasanu ndi kuwadumphitsa ngati achule monga chilango. Ana ambiri amabwera atadya pang'ono kapena osadya, ndiye mphamvu zochepazo zipite pa mpira. Aang'ono musawaphunzitse kumenya mpira ndi mutu mobwerezabwereza, ndipo ugoloboyi azisinthana.

Pakhale ndowa ya malita 20 ya madzi a pa mjigo, ndipo azimwa mphindi 20 zilizonse, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Mwana wotentha thupi asasewere, apite kukayezetsa malungo. Wogunda mutu n'kuchita chizungulire kapena kusanza atuluke ndipo asabwererenso tsikulo, apite naye kuchipatala. Ovala nsapato za zitsulo kapena mabuti asasakanizidwe ndi osavala. Ngati ambiri alibe, onse avule.

Atsikana amasiya pa zifukwa zodziwika: nthawi ya mpira ndi ya kumjigo ndi kuphika, alibe zovala zoti athamange momasuka, ndipo makolo sakhulupirira kochi wamwamuna. Kambiranani nthawi ndi makolo, ndipo pa gulu lawo pakhale mayi, kaya mphunzitsi kaya wa gulu la amayi la pasukulupo. Makolo okayikira akumbutseni za Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi. Temwa anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, ndipo Scorchers, timu ya dziko lino ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kummwera kwa Africa mu 2023.

Malamulo oteteza ana alembedwe: akuluakulu awiri pa tsiku lililonse la maphunziro, kochi asaitanire mwana kunyumba kwake, asamenye, ndipo onse abalalike dzuwa lisanalowe. Nkhanza ikamveka, nkhani ipite kwa woona za chitetezo cha ana m'deralo kapena kupolisi, nambala yaulere ndi 116. Isathere pa komiti.

Wa_ku_Kapiri

Zikomo kwambiri nonse. Chatsala chimodzi: aganyu ndi onama zaka tiwagwira bwanji, poti ana ambiri alibe ziphaso zobadwira?

Mlembi_Wakale

Kwa akuluakulu, timu ilembetse osewera osapitirira 25 ndi chiphaso cha unzika, chomwe munthu amatenga akakwana zaka 16. Mlembi ajambule wosewera aliyense pa foni atanyamula pepala la dzina lake ndi la timu, zithunzizo zitumizidwe pa gulu la WhatsApp la makaputeni onse. Tsiku la mpira makaputeni aziyendera osewera a anzawo oyimbira ali pomwepo, mpira usanayambe. Kusintha timu kuloledwe kamodzi, ndime yoyamba ikatha. Wosewetsa munthu wosalembetsa wagonja 3-0 ndipo achotsedwe mapointi ena atatu.

Kwa ana, gwiritsani ntchito kaundula wa sukulu ndi buku la kuchipatala. Zikasiyana, tengani tsiku la m'buku la kusikelo, chifukwa linalembedwa mwanayo ali wakhanda. Musadalire kalasi, poti mu Sitandade 5 mumapezeka wa zaka 10 ndi wa zaka 15. Ikani tsiku limodzi lowerengera zaka, monga 1 Januwale, ndipo mphunzitsi wamkulu asaine mndandanda wa timu iliyonse. Amene alibe pepala lililonse asabwezedwe, koma asewere gulu la pamwamba pa lomwe akunena.