Ndikupempha nzeru pa ntchito ya kusukulu yokonza chipinda cha alendo

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndine wophunzira wa chaka chachiwiri m'maphunziro okonza ndi kukongoletsa m'kati mwa nyumba, ndipo ndikupempha thandizo kwa inu amene munagwirapo ntchito imeneyi kuno ku Chipata. Aphunzitsi atiuza kuti tijambule chipinda chogona cha m'nyumba ya alendo, cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, pa sikelo ya 1:50 (sentimita imodzi papepala kuimira masentimita 50 a chipinda chenicheni), kenako tipange kachitsanzo kake ndi makatoni. Ine ndasankha kuganizira alendo obwera ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, nthawi imene mvula imakhala ili pakati ndipo chinyezi chimalowa m'makoma.

Chimene chandiimitsa mutu ndi denga. Ndikufuna kuika siling'i ya nsungwi pansi pa malata kuti chipinda chisatenthe kwambiri mu October, koma ndikuopa chiswe ndi tizilombo tina timene timafumbula nsungwi mpaka kusanduka ufa. Kodi amisiri amaziteteza bwanji zisanakhomedwe, ndipo kodi kuziviika m'madzi kwa milungu ingapo, monga ankachitira agogo anga kumudzi, n'kokwanira? Kumbali ya matabwa opangira katundu wa m'chipindamo, mlombwa ndimaukonda chifukwa chiswe sichiugwira msanga, komabe ndalama zimene tauzidwa kuti tisapitirire sizingakwane bedi ndi kabati yomwe, ndiye ndikufuna mtengo wina wolimba koma wotchipirapo.

Ndikufunsanso za makatani a chitenje chogula pamsika wa Kapata: kodi kusokerera nsalu yoyera kumbuyo kwake kumathandizadi kuti chisasuluke ndi dzuwa? Ntchitoyi tikapereka pakatha milungu 3, choncho ndidzathokoza kwambiri mukandiyankha msanga.