Chigoba chikubisa mekapu, tsitsi likuboola: magemu a phwando la zigoba timawatha bwanji?

Nthenga_Yofiira:
Moni nonse. Funso langa ndi la magemu a pa intaneti ovekera chidole zovala, makamaka aja a phwando la zigoba. Ukataya nthawi kupaka zikope ndi kukonza nsidze, ukangoika chigoba zonse zija zimabisika. Tsitsi lina limaboola chigoba n'kutulukira pa diso, nthenga nazo zimamira m'mutu. Komanso magemu akale ambiri sakutseguka, pakungobwera bokosi lotuwa. Kodi pali dongosolo loyenera kutsata? Nanga zigoba zimenezi zili ndi mayina ake, kapena ojambula amangopeka? Amene mumadziwa Scratch, pulogalamu yopangira magemu polumikiza ma block a malamulo, mundiuzekonso poyambira, ndikufuna kupanga gemu yanga yaing'ono.

MaiZodzola:
Achemwali, vuto loyambalo likuchokera pa dongosolo limene gemu imakupatsani. Pafupifupi magemu onsewa amayamba ndi kusambitsa nkhope, kuchotsa ziphuphu, kuzula nsidze, kenako mekapu, tsitsi, diresi, ndipo chigoba chimabwera pomalizira ngati chokometsera. Pa phwando wamba dongosololi lili bwino, koma pa phwando la zigoba n'lozondoka, chifukwa chigoba ndicho chimalamula kuti ndi mbali iti ya nkhope imene ioneke.

Ngati gemu ikulola kudumpha, pitani kaye pa zigoba, sankhani, muchiike, ndiye mubwerere ku mekapu chili kumaso. Ngati sikulola, dutsani gawo la mekapu mothamanga ulendo woyamba, muone zigoba zimene zilipo, muyambirenso mukudziwa chimene mukufuna.

Chigoba cha theka chimaphimba chipumi, nsidze ndi pamwamba pa masaya. Pamenepo musavutike ndi nsidze, sizioneka. Pa zikope sankhani mtundu umodzi wakuda kapena woderapo, chifukwa pa kabowo ka diso pamangotsala kachidutswa kakang'ono, ndipo mitundu itatu yosakaniza imaoneka ngati litsiro. Mphamvu zanu ziikeni pa milomo ndi pansi pa masaya. Chigoba chikakhala chagolide kapena chakuda, lipisitiki yofiira kwambiri imakhala bwino. Chikakhala chasiliva kapena choyera, yapinki kapena yapepo ndiyo imagwirizana nacho. Chigoba chogwira ndi kamtengo n'chosiyana: magemu ena amachiika pambali pa nkhope, moti diso limodzi kapena onse amaoneka, ndiye apo mekapu onse ndi ofunika.

Pa mitundu, musapitirire itatu. Umodzi utenge mbali yaikulu, ndiyo diresi. Wachiwiri ukhale wa chigoba, magolovesi ndi nsapato. Wachitatu ungowaza pang'ono pa nthenga kapena pa mwala wa mkanda. Golide ndi siliva musaziike pamodzi, ndolo zitsate chigoba. Ndipo chigoba chikakhala ndi nthenga zazitali, ndolo zikhale zazing'ono ndi tsitsi lomanga, apo ayi kumutu kumadzaza pamene kumiyendo kuli mbee.

Kanthu kena kamene kamasokoneza anthu pa gawo losambitsa nkhope: gemu imaoneka ngati yaima, batani lopitira patsogolo silikubwera. Kawirikawiri sinaime ayi. Patsala kadontho ka sopo m'mphepete mwa tsitsi, pansi pa chibwano kapena pambali pa mphuno. Yendetsani siponji pang'onopang'ono m'mphepete monsemo osachotsa chala, mzere woonetsa pamene mwafika udzadza.

Bauta79:
Mayina alipo, ndipo ambiri ndi a ku Venice, ku Italy, kumene chikondwerero cha Carnival chimachitika chaka ndi chaka m'masabata otsogolera Lachitatu la Phulusa. Chikondwererochi chinazilala boma la Venice litagwa mu 1797, n'kudzatsitsimutsidwa mu 1979. Ojambula magemu amatengera kumeneko, ngakhale amasakaniza mosasamala.

Chimene mumachiona kwambiri m'magemu, cha theka chija, ndi colombina. Chimamangidwa ndi riboni kuseri kwa mutu kapena kugwiridwa ndi kamtengo, ndipo ndicho chimakongoletsedwa ndi golide, timiyala ndi nthenga. Chimakondedwa m'magemu chifukwa chimasiya milomo poyera, moti gawo la mekapu silipita pachabe.

Bauta ndi choyera, chopanda pakamwa, ndipo m'munsi mwake chimatulukira kutsogolo ngati denga. Anachipanga choncho kuti wovala azitha kudya, kumwa ndi kulankhula osachivula. Sichiyenda chokha: chimavalidwa ndi chipewa chakuda cha nsonga zitatu ndi mwinjiro wakuda wotchedwa tabarro. Mukachiika pa diresi lapinki lokhala ndi maluwa, amene amadziwa aona kuti mwasemphanitsa.

Moretta ndi chakuda, chozungulira ngati dzira, cha nsalu ya veleveti, ndipo chinali cha akazi. Chinalibe chingwe. Mkati mwake munali kabatani kamene wovala ankakaluma ndi mano, ndiye kuti nthawi yonse imene wachivala samalankhula. N'chifukwa chake chimatchedwanso muta, kutanthauza wosalankhula. Mu gemu, moretta imafuna diresi lowala kuti nkhope yakudayo ionekere, ndipo lipisitiki ndi yosafunika chifukwa milomo yabisika.

Volto chimaphimba nkhope yonse, milomo yake ndi yojambula pa chigobapo. Pali gnaga, cha nkhope ya mphaka. Ndipo pali cha mlomo wautali ngati wa mbalame, medico della peste. Chimenechi sichinayambe ngati cha phwando: chinali chovala cha madokotala a nthawi ya mliri, ndipo anthu amati anachiyambitsa ndi Charles de Lorme, dokotala wa ku France wa zaka za m'ma 1600. Kumlomoko ankaikako zitsamba zonunkhira pokhulupirira kuti matenda amayenda ndi mpweya woipa.

Pa magemu opikisana, monga Dress to Impress ya pa Roblox, malo a magemu a pa intaneti, kumene osewera anzanu amakupatsani nyenyezi, kudziwa izi kumathandiza. Mutu ukakhala phwando la zigoba, ambiri amathamangira diresi lofutukuka ndi colombina yagolide, ndiye mumafanana nonse. Chovala chakuda chokhachokha ndi chigoba choyera chimaonekera msanga pakati pa gulu lotero. Poti nthawi yovalira ndi mphindi zochepa, yambani ndi chigoba ndi tsitsi, diresi pambuyo, ndipo musiye masekondi 30 omalizira kuti mutembenuze chidole n'kuona kumbuyo.

KaPixel:
Za tsitsi loboola chigoba, si inu mukulakwitsa. Chidole cha mu gemu ndi zithunzi zosanjikizana, chilichonse pa leya yake, ngati mapepala oonekera mkati oikidwa lina pamwamba pa linzake. Gemu yopangidwa bwino imagawa tsitsi pawiri: lakumbuyo, limene limakhala pansi pa thupi, ndi lakutsogolo, limene limagwera pachipumi. Chigoba chimalowa pakati, pamwamba pa nkhope ndi mekapu koma pansi pa tsitsi lakutsogolo. Wopanga akachita ulesi n'kusiya tsitsi lonse pa leya imodzi, pamatsala zosankha ziwiri ndipo zonse n'zoipa. Tsitsi likakhala pamwamba limatseka mabowo a maso. Chigoba chikakhala pamwamba chimaoneka ngati chomata, ndipo m'mphepete mwake chimayandama pa tsitsi.

Monga wosewera simungasinthe maleya, koma mungazembe. Sankhani tsitsi lomangira m'mwamba kapena lokokera kumbuyo, lopanda logwera pachipumi. Nthenga zikamira m'mutu, chotsani chipewa kapena korona, chifukwa nthawi zambiri zimakhala pa leya imodzi ndipo zimalimbirana malo. M'magemu okoka ndi kuponya, chinthu chimene mwagwira pomaliza ndicho chimakhala pamwamba, ndiye ingogwiraninso chigobacho kamodzi chikwere. M'magemu a 3D nkhani ndi ina: palibe maleya, zinthu ziwiri zikungokhala pamalo amodzi, ndipo mankhwala ake ndi kusintha tsitsi basi.

Bokosi lotuwalo ndi la Flash. Magemu ambiri ovekera zidole a zaka za m'ma 2000 anapangidwa ndi Adobe Flash, mafayilo a .swf. Adobe inasiya kuthandiza Flash Player pa 31 December 2020, ndipo kuyambira pa 12 January 2021 pulogalamuyo inayamba kukana kutsegula chilichonse. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi Ruffle, kapulogalamu kaulere kamene mumaonjezera pa Chrome kapena Firefox, kamene kamatsegula mafayilo a .swf popanda Flash. Magemu akale kwambiri, olembedwa ndi ActionScript 2 (chinenero cholembera magemu a Flash), amayenda bwino. Ena a ActionScript 3 amatseguka koma batani lina osagwira. Yachiwiri ndi Flashpoint Archive, nkhokwe ya magemu akale imene mumaika pa kompyuta. Tengani mtundu wa Infinity, umene umakoka gemu pokhapokha mukaifuna. Wa Ultimate umakoka nkhokwe yonse ndipo ungadzaze kompyuta.

Chenjezo: tsamba lililonse lokuuzani kuti mukoke Flash Player yatsopano kuti gemu itseguke likunama. Flash yatsopano kulibe, ndipo chimene mungakoke n'choononga kompyuta. Pa foni, funani magemu olembedwa kuti HTML5, amene safuna Flash.

Nthenga_Yofiira:
Zikomo nonse, za moretta ndi kabatani kake sindimazidziwa. Achimwene a KaPixel, nanga mu Scratch maleya amenewo ndiwasanja bwanji kuti yanga isakhale ndi vuto lomweli?

KaPixel:
Siteji ya Scratch, pamene gemu imaonekera, ndi mapikiselo 480 chopingasa ndi 360 choimirira, ndipo pakati pake ndi x 0, y 0. Chinsinsi chake n'chakuti chovala chilichonse chijambulidwe pamalo ake enieni pa thupi, ndipo ma sprite onse, kutanthauza zinthu zojambulidwa zimene mumaika pa siteji, akhale pa x 0, y 0. Mukatero simudzavutika n'kuwerengera kuti chigoba chikhale pati.

Jambulani thupi kaye, likhale pakati pa kamtanda ka mu editor, pojambulira pa Scratch. Pofuna kupanga chigoba, pangani duplicate ya sprite ya thupi, jambulani chigoba pankhope, kenako fufutani thupilo kutsale chigoba chokha, osachisuntha ngakhale pang'ono. Chitani chimodzimodzi ndi diresi, magolovesi, mkanda. Mtundu uliwonse wa chovala ukhale sprite imodzi, ndipo masitayilo ake akhale ma costume, zithunzi zimene sprite imasinthasintha. Zigoba 6 ndiye kuti sprite imodzi ya ma costume 7, yachisanu ndi chiwiriyo yopanda kanthu, yovulira. Ambiri amaiwala yopanda kanthuyi, wosewera n'kumalephera kuvula chimene wavala.

Kuchokera pansi kupita pamwamba, musanje motere: tsitsi lakumbuyo, thupi, mekapu, diresi, magolovesi, mkanda, chigoba, tsitsi lakutsogolo, ndolo, nthenga kapena chipewa. Kuti dongosololi lisasokonekere, pangani uthenga wa sprite iliyonse, ndipo mbendera yobiriwira yoyambitsira gemu ikadinidwa, siteji itumize mauthengawo umodziumodzi ndi block ya broadcast and wait (kutumiza n'kudikira), kuyambira wa pansi. Sprite ikalandira wake ichite go to front layer. Yomaliza kuitanidwa ndiyo imakhala pamwamba. Mukangogwiritsa broadcast wamba popanda wait, musadalire kuti zisanjika mmene mukufunira.

Tsitsi lakumbuyo ndi lakutsogolo zisinthire limodzi. Pangani variable imodzi, posungira nambala ya tsitsi, ma sprite onse awiri azichita switch costume potsata nambalayo. Mukapatsa lililonse next costume yakeyake, tsiku lina mudzapeza kutsogolo kuli kwakuda, kumbuyo kwagolide.

Musalole wosewera kudina chovala chenichenicho kuti chisinthe. Scratch imamva kudina pokhapokha pamene pali chojambulidwa, ndiye ndolo zazing'ono n'zovuta kuzilasa, ndipo costume yopanda kanthu ija simungaidine n'komwe. Ikani mabatani pambali. Kukoka ndi kuponya kusiyeni kaye, chifukwa sprite yokokedwa imalumphira pamwamba pa zonse ndipo dongosolo lija limatha.

Mabowo a maso akhale obooladi, osati opaka zoyera. Ngati mukujambulira pa pulogalamu ina, sungani ngati PNG kapena SVG. JPG sisunga malo oonekera mkati, ndiye chigoba chimabwera ndi bokosi loyera lotseka nkhope yonse.

MaiZodzola:
Ndionjezeko pa mitundu. Simukufunika kujambula chigoba chimodzi kasanu ndi katatu. Block ya change color effect by 25 imasintha mtundu, ndipo poti imazungulira n'kubwerera poyambira ikafika 200, kudina 8 kumakupatsani mitundu 8. Koma imagwira pa mitundu yowala yokha. Choyera, chakuda ndi chotuwa sizisintha kwenikweni, ndiye chigoba choti chizisinthidwa mtundu muchijambule chofiira kapena chabuluu, ndipo bauta ndi moretta zikhale ma costume apadera. Imasinthanso sprite yonse nthawi imodzi, moti mphepete yagolide imasanduka yobiriwira pamodzi ndi nsalu. Mukafuna golide akhalebe golide, mphepeteyo ikhale sprite yake pamwamba pa chigoba.

Bauta79:
Ndipo nthenga za colombina muziike mbali imodzi, pamwamba pa khutu, zitapendekera kunja. Mukaziika pakati pa chipumi zimafuna malo ambiri m'mwamba, ndipo pa siteji ya 360 mutu wa chidole umakhala kale pafupi ndi denga. Siyani mapikiselo pafupifupi 60 pamwamba pa mutu musanayambe kujambula thupi, apo ayi nthenga zidzadukira m'mphepete mwa siteji.